Alonda Awiri: wa pa Chipata cha Mwanza ndi wa Pansi pa Nthaka ku Geneva

Munthu aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Blantyre, kudzera pa Zalewa, kukafika ku chipata cha m'malire a dziko lino pa Mwanza, adziwa mzere wautali wa malole umene umaima m'mbali mwa msewuwo. Ena achokera ku doko la Beira, ena ku Harare ndi ku Johannesburg, ndipo onsewo awoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete nadutsa pa Zobue asanaponde nthaka ya Malawi. Asenza feteleza, mafuta, simenti, nsalu, zitsulo ndi katundu wina wosawerengeka. Pamene madalaivala ali kudikira mapepala awo, amayi ogulitsa manachesi, chipatso chimene chinatchukitsa boma la Mwanza, ali kuyendayenda ndi mabeseni pamutu.

Wapaulendo woona zimenezi akhoza kuganiza kuti akuluakulu a kasitomu amatsegula lole iliyonse ndi kuwerenga thumba lililonse. Si tero ayi. Akanachita motero, mzerewo ukanatalika tsiku ndi tsiku, ndipo feteleza akanafika kwa mlimi mvula itatha kale. Komanso akanangotsegula chipata kuti onse adutse, Boma likanataya msonkho umene limamangira sukulu ndi zipatala, ndipo katundu woletsedwa akanalowa monga madzi osefukira. Pakati pa zoipa ziwirizi pali njira imodzi yokha, ndiyo kusankha.

Bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito yake m'chaka cha 2000, limasankha mothandizidwa ndi dongosolo la pa kompyuta lotchedwa ASYCUDA World. Mapepala a katundu akalembedwa, kompyuta imawaika m'njira imodzi mwa njira zinayi. Ya mtundu wobiriwira itanthauza kuti katundu apite. Yachikasu, kuti mapepala ayang'anidwe bwino. Yofiira, kuti katunduyo aonedwe ndi maso. Yabuluu, kuti apite tsopano koma mabuku a mwini wake adzafufuzidwe pambuyo. Chinthu chofunika kuchisunga m'mutu ndi ichi: malamulo amene kompyuta imatsata polekanitsa analembedwa ndi anthu, ndipo analembedwa lole isanafike.

Dongosolo la ASYCUDA linakonzedwa ndi bungwe la United Nations loona za malonda, la UNCTAD, limene likulu lake lili mumzinda wa Geneva ku Switzerland. Tsono kunja kwa mzinda womwewo, pansi pa minda ndi midzi ya m'malire a Switzerland ndi France, kuli chipata china chimene mlonda wake ali ndi vuto lofanana ndi la pa Mwanza, koma lokula koposa muyeso. Zofika pa chipata chimenecho zimafika nthawi 40 miliyoni pa sekondi imodzi, ndipo chimene mlondayo wachikana sichidzaonekanso mpaka kalekale.

Mphete ya makilomita 27

Malowo ndi a bungwe la CERN, limene maiko 12 a ku Ulaya analikhazikitsa m'chaka cha 1954 kuti afufuze pamodzi za tinthu tating'onoting'ono timene zinthu zonse zinapangidwa nato. Aphunzitsi a sayansi adziwa kuti chinthu chilichonse, mwala kapena madzi kapena thupi la munthu, ndi maatomu ounjikana, ndi kuti pakatikati pa atomu pali tinthu tina totchedwa mapulotoni. Akatswiri a ku CERN amatenga mapulotoni kuchokera ku mpweya wa haidrojeni, nawathamangitsa m'mipope iwiri yozungulira ngati mphete, m'ngalande ya makilomita 27 imene ili pafupifupi mamita 100 pansi pa nthaka. Makinawo dzina lake ndi Large Hadron Collider, mwachidule LHC. Anayamba kuyendetsa mapulotoni m'chaka cha 2008, ndipo kafukufuku weniweni anayamba mu 2010. Maginito akuluakulu 1,232, oziziritsidwa kufikira madigiri 271 pansi pa ziro, ndiwo amakhotetsa njira ya mapulotoniwo, amene amazungulira mphete yonseyo koposa nthawi 11,000 pa sekondi.

Mapulotoni sayenda limodzilimodzi. Amayenda m'magulu, gulu lililonse lokhala ndi mapulotoni oposa 100 biliyoni, ena kulowera uku ena kulowera uko, ndipo pa malo anayi mipope iwiriyo imakumana. Magulu awiri akapyozana pamenepo, unyinji wa mapulotoni umangodutsana osakhudzana, pakuti ngochepetsetsa. Amene amagundana ndi makumi owerengeka chabe. Koma pa kugundana kulikonse mphamvu ya liwiro imasandulika tinthu tatsopano, timene timamwazikira mbali zonse. Pozungulira malo okumaniranawo anamanga makina ojambula, ndipo aakulu koposa ndi awiri: ATLAS, wa mamita 46 m'litali ndi mamita 25 msinkhu, ndi CMS, wolemera matani 14,000.

Wina angafunse chifukwa chake sagundanitsa mapulotoni awiri okha, nayang'ana bwino, nalemba zimene aona. Yankho lake ndi lakuti palibe katswiri amene angalamule chimene chidzatuluka. Mapulotoni awiri ogundana mofanana ndendende amatulutsa lero izi, mawa zina, monga mwa mwayi; chimene sayansi ingathe kuwerengeratu ndi kuchuluka kwa mwayiwo basi. Zotuluka kawirikawiri ndi zodziwika kale, zimene zinalembedwa m'mabuku zaka makumi apitawo. Zofunidwazo n'zosowa kwambiri. Kanthu kotchedwa Higgs boson, kamene makinawa anamangidwira makamaka, kamabadwa kamodzi pa kugundana koposa biliyoni imodzi. Ndipo sikakhalitsa kuti kajambulidwe: kamasweka pomwepo, kusiya zidutswa zimene ziyenera kuzindikiridwa pakati pa zinyalala za kugundana kwina konse. Njira ina yooneka bwino, pamene kamasweka kukhala tizidutswa tiwiri ta kuwala, imachitika kawiri kokha pa nthawi 1,000 zilizonse. Msodzi wofuna nsomba yosowa chotero alibe nzeru ina koma kuponya khoka kosalekeza.

Apa ndipo pagona vuto. Magulu a mapulotoni amapyozana nthawi zofika 40 miliyoni pa sekondi, ndipo kupyozana kulikonse kumapereka chithunzi chimodzi cha manambala, cholemera ngati megabaiti imodzi kapena kuposerapo. Kusunga zonsezo kukanadzaza mafoni a m'manja oposa 600, a magigabaiti 64 iliyonse, pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, miyezi yambiri pa chaka. Nkhokwe yotero kulibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo, mawaya otulutsira zithunzizo m'makina sakanatha kuzinyamula. Choncho pafunika mlonda wosankha. Akatswiriwo amamutcha trigger, liwu la Chingerezi lotanthauza kachitsulo kamene mlenje amakoka ndi chala kuti mfuti ilire.

Nyama idzitchere yokha msampha

Nzeru imeneyi siinayambe ndi makompyuta. Pa masiku oyamba munthu ndiye anali mlonda, ndipo anasankha ndi maso ake zithunzi zitajambulidwa kale. Ku Cambridge, ku England, Patrick Blackett anagwiritsa ntchito kabokosi kagalasi kodzaza ndi nthunzi, m'mene kanthu kakadutsa kamasiya kamzere ka timadontho, monga mzere woyera umene ndege imasiya kumwamba. M'chaka cha 1925 iye anafalitsa zotsatira za zithunzi 23,000 zokhala ndi timizere toposa 400,000. Mwa tonseto, 8 tokha ndito tinaonetsa chimene anali kufuna, ndicho atomu ya naitrojeni ili kusandulika ya oksijeni. Kuleza mtima kotero n'koyenera ulemu, koma si njira yoyendetsera ntchito yaikulu.

Vutolo linakula pamene anayamba kujambula tinthu tochokera kuthambo. Tinthu timeneti timagwa pa dziko lonse nthawi zonse, pa Mwanza ndi pa Geneva chimodzimodzi. Ta mtundu wotchedwa muon timapyoza malo aakulu ngati chikhadabo pafupifupi kamodzi pa mphindi, ndipo timadutsa denga, thupi ndi nthaka popanda munthu kumva kanthu. Koma palibe adziwa nthawi imene kena kadzadutsa m'kabokosi. Ojambula anali kungojambula mwachimbulimbuli, ndipo pa zithunzi 100 zowerengeka zokha ndizo zinali ndi kanthu. M'chaka cha 1932 Blackett ndi mnyamata wa ku Italy, Giuseppe Occhialini, anaika kachipangizo kowerenga tinthuto pamwamba pa kabokosi ndi kena pansi pake, nazilumikiza kotero kuti kamera itseguke pokhapokha ziwirizo zikamva kanthu pa nthawi imodzi. Aliyense amene anatcherapo diwa ali mwana azindikira nzeru yake: wotchera sakhala pambali kudikira mbewa, mbewa yomwe ndiyo imagwetsa mwalawo. Kuyambira pamenepo zithunzi zoposa zitatu mwa zinayi zilizonse zinali ndi timizere. Blackett analandira mphotho ya Nobel mu 1948.

Komabe kusankha ndi maso kunapitirira zaka zina makumi atatu ndi mphambu, pakuti makina ojambula a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, odzaza ndi madzimadzi otuwira thovu, sanali kutheka kuwatchera motero. Zithunzi zinajambulidwa mamiliyoni, ndipo antchito ambiri, ochuluka a iwo akazi, anakhala m'zipinda zamdima kuziyang'ana chimodzichimodzi. Kanthu kotchedwa Omega-minus kanapezeka mu 1964 ku Brookhaven, m'dera la New York, atasanthula zithunzi pafupifupi 100,000. Maina a amayi amene anagwira ntchito yotopetsayi sanalembedwe kawirikawiri pamwamba pa malipoti, monga momwe dzina la kalaliki silioneka pa chikalata chimene bwana wasaina. Zinthu zinasintha mu 1968, pamene Georges Charpak wa ku CERN anapanga chipangizo cha mawaya ambirimbiri chotumiza zimene chaona molunjika ku kompyuta. Kuchokera pamenepo ntchito ya ulonda inachoka m'maso mwa munthu n'kupita ku magetsi.

Zipata ziwiri

Pa makina a ATLAS ndi CMS chithunzi chilichonse chiyenera kudutsa alonda awiri. Woyamba si kompyuta wamba, pakuti kompyuta wamba ingachedwe; ndi zipangizo zamagetsi zomangidwira ntchito imeneyi yokha. Kufulumira kwake n'kovuta kukuganizira. Pakati pa kupyozana kwina ndi kunzake pamapita magawo 25 mwa magawo biliyoni imodzi a sekondi. Pa nthawi imeneyo kuwala kumene, kopanda china chokuposa liwiro, kumayenda mamita 7 ndi theka okha. Ndiye kuti zidutswa za kugundana koyamba zisanatuluke m'makina a ATLAS, kwachiwiri kwachitika kale pakati. Mlonda sangathe kugamula chithunzi chimodzi chinzake chisanafike. Chifukwa chake zithunzizo zimasungidwa pa mzere, m'kati mwa makina momwemo, monga malole oima m'mbali mwa msewu. Ku ATLAS mlonda woyamba anapatsidwa magawo awiri ndi theka mwa magawo miliyoni imodzi a sekondi, ndiko kunena kuti pa mzerepo pamakwana zithunzi 100. Chigamulo chikachedwa kuposa apo, chithunzi chakutsogolo chagwera kale kunja. Gawo lina losachepa la nthawi yochepayo limathera m'mawaya, popita ndi pobwera.

Mlonda ameneyu satsegula katundu. Amangoona mwachisawawa mbali ziwiri za makina: zigawo zoyeza mphamvu ya zidutswa, ndi zigawo zakunja kwenikweni kumene tinthu ta muon tokha timafika titapyoza zitsulo zonse. Pa zithunzi 400 zilizonse amalola chimodzi, kotero kuti zotsala ndi 100,000 pa sekondi. Izi ndizo zimatulutsidwa m'makina zathunthu n'kutumizidwa kwa mlonda wachiwiri, amene ndi nyumba yodzaza makompyuta zikwizikwi. Iyeyu ali ndi nthawi yochulukirapo, kachigawo ka sekondi pa chithunzi chilichonse, ndipo amalondola njira ya kanthu kalikonse, kuyeza mphamvu zake bwino, ndi kuona ngati mlonda woyamba sananyengedwe. M'zaka za 2015 mpaka 2018 anali kulola zithunzi pafupifupi 1,000 pa sekondi. Kuyambira 2022 chiwerengerocho chinakwera kufika zikwi zingapo. Zololedwazo zimalembedwa pa matepi a maginito ndi kugawidwa ku malo a makompyuta pafupifupi 170 m'maiko oposa 40.

Mphunzitsi wa masamu akhoza kuwerengetsa yekha pa bolodi: chimodzi mwa 400, kenaka chimodzi mwa 100, ndiye chimodzi mwa 40,000. Kuli ngati woyesa mayeso amene walandira mapepala 40,000, nasunga limodzi, natentha ena onse osawawerenga mpaka kumapeto.

Nanga mlonda amayang'ana chiyani? Kugundana kwa masiku onse kumakhala kongokhudzana m'mbali, ndipo zidutswa zake zimapitirira kutsata mpope. Koma kanthu kolemera kakabadwa n'kusweka, zidutswa zake zimathawira cham'mbali ndi mphamvu yaikulu. Chizindikiro choyamba ndi chimenecho: elekitironi, kapena muon, kapena kachidutswa ka kuwala kopita cham'mbali ndi mphamvu yopitirira muyeso woikika. Chizindikiro china chidzakondweretsa osunga mabuku a ndalama. Mapulotoni asanagundane alibe mphamvu yopita cham'mbali, choncho atagundana, zopita kumanja ziyenera kulingana ndi zopita kumanzere, zopita kumwamba ndi zopita pansi. Mabuku akapanda kulingana, ndiye kuti china chatuluka osaoneka. Kupereweraku ndiko kunathandiza kupeza kanthu kotchedwa W ku CERN mu 1983, ntchito imene inapatsa Carlo Rubbia ndi Simon van der Meer mphotho ya Nobel chaka chotsatira.

Malamulo otere sali awiri kapena atatu. Ku ATLAS analipo oposa 1,000, olembedwa pa mndandanda umodzi, ndipo chithunzi chikakwaniritsa limodzi mwa iwo chimapulumuka. Mndandandawo sugwa kumwamba. Gulu lililonse la ofufuza limafuna gawo lalikulu la zithunzi zololedwazo, ndipo popeza chiwerengero chonse n'choikika, kuonjezera wina ndiko kuchotsera mnzake. Wogwira ntchito m'Boma amene anakhalapo pa msonkhano wogawa ndalama za chaka pakati pa maunduna safunika kumufotokozera mmene zokambirana zotere zimayendera.

Kuti mndandandawo unalembedwa mwanzeru zinaoneka pa 4 July 2012, pamene magulu a ATLAS ndi CMS, amene anagwira ntchito payekhapayekha, analengeza kuti apeza kanthu katsopano kolemera koposa pulotoni nthawi 130. Kanali Higgs boson, kamene Peter Higgs ananeneratu mu 1964, chaka chomwe dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo iye ndi François Englert analandira mphotho ya Nobel mu 2013. Kuchepa kwa umboni wake n'kodabwitsa. Pa njira yoyera koposa, pamene Higgs amasweka kukhala maelekitironi kapena tinthu ta muon tinayi pamodzi, gulu la ATLAS linali ndi zithunzi 13 zokha pa malo oyembekezeka, pamene popanda Higgs zikanakhala pafupifupi 5. Zimenezo zinatsala pa kugundana kokwana mathililiyoni mazanamazana. Mlonda akanaika muyeso wake pamwamba pang'ono, zina mwa 13 zija zikanatayika, ndipo palibe akanadziwa.

Chimene mlonda sanauzidwe

Mawu akuti palibe akanadziwa ndiwo mtima wa nkhaniyi. Higgs anapezeka chifukwa anali kuyembekezeka. Maonekedwe ake anawerengedwa zaka zambiri makina asanamangidwe, ndipo mlonda anauzidwa nkhope ya mlendoyo. Koma makina odula chotero sanamangidwire kutsimikiza zodziwika zokha. Akatswiri a zakuthambo apeza kuti m'chilengedwe muli zinthu zosaoneka zolemera kasanu kuposa zooneka zonse, ndipo palibe adziwa kuti zinapangidwa ndi chiyani. Ambiri anayembekeza kuti LHC idzaonetsa tinthu ta mtundu umenewo. Chiyambire 2012 makinawo apeza mitundu yambiri yatsopano ya tinthu tomangidwa ndi tizidutswa todziwika kale, koma kanthu ka maziko kachilendo sikanaoneke. Mwina kulibe pa mphamvu zimene makinawa angafikire. Mwinanso, ndipo ili ndi funso limene akatswiri eni ake amafunsana poyera, kanabadwa kambirimbiri koma kanatayidwa pa chipata chifukwa sikanafanane ndi lamulo lililonse: kanasweka kukhala zidutswa zofooka zosafika pa muyeso, kapena kanayenda mita imodzi kasanasweke pamene mlonda anauzidwa kuyang'ana pakati penipeni.

Pa mfundo iyi mlonda wa pa Mwanza ali ndi mwayi woposa mnzake. Lole imene yadutsa molakwa ili ndi nambala, mwini wake ali ndi ofesi ndi mabuku, ndipo njira yabuluu ija inaikidwira zimenezo. Ku Geneva kulibe kolondola. Koma pa mfundo ina wa pa Mwanza ndiye ali pa mavuto aakulu, pakuti wozembetsa katundu amaphunzira. Akaona kuti katundu wolembedwa mwakutimwakuti amadutsa msanga, mawa adzalemba wake momwemo. N'chifukwa chake a kasitomu kulikonse saulula malamulo awo osankhira, ndipo amawasintha. Mapulotoni sachenjera, a ku CERN amasindikiza malamulo awo kuti aliyense awerenge ndi kuwatsutsa.

Ngakhale pali kusiyana kumeneku, mankhwala amene onse awiri anapeza ndi amodzi, ndipo poyamba amaoneka ngati kutaya nthawi. Ndiwo kutenga zina mwa maere, popanda chifukwa chilichonse. Pangano la bungwe la World Trade Organization lofewetsa malonda a pakati pa maiko, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, limalangiza maiko kuika mphamvu zawo pa katundu wokayikitsa, koma limalolanso kusankha wina mwa maere. Dalaivala wosalakwa amene lole yake yagwera njira yofiira motero amadandaula, ndipo kudandaula kwake n'komveka. Koma popanda iye ofesi singadziwe ngati malamulo ake ali kugwira ntchito. Ofesi yotsegula malole okayikitsa okha idzapeza zolakwa m'malole okayikitsa okha, ndipo lipoti lake la pa chaka lidzaiyamikira yokha, pamene zenizeni zili kudutsa m'njira yobiriwira.

A ku CERN amachita chimodzimodzi. Zithunzi zina zimasungidwa mlonda asanafunsidwe n'komwe. Zina za mitundu yochuluka, zimene sizingasungidwe zonse, amasunga chimodzi mwa 100 kapena chimodzi mwa 1,000, nalemba bwino chiwerengerocho kuti powerengetsa adzachulukitse. Ndi zithunzi zimenezi amayesa mlonda mwini wake: mwa zabwino 100 zimene zinafika, iye akanalola zingati? Popanda nambala imeneyo palibe chotsatira chimene chingafalitsidwe, pakuti kunena kuti mwapeza 13 kulibe tanthauzo ngati simudziwa kuti munataya zingati.

Palinso njira zina zimene kusowa kwa malo kunawaphunzitsa. Popeza chovuta ndi kulemera kwa zithunzi, gulu la CMS linayamba mu 2011 kusunga chidule chokha cha zithunzi zambiri zimene zikanatayidwa, monga kalaliki wolemba m'kaundula tsiku, nambala ndi mutu wa kalata ngakhale kalatayo siisungidwa. Chidule sichingafufuzidwenso mozama, komabe chiposa kusowa kanthu. Mu 2018 gulu lomwelo linaunjika zithunzi pafupifupi 10 biliyoni pa matepi osazisanthula, kudikira nthawi imene makina adzaima ndi makompyuta adzapuma, monga mlimi wosunga chimanga ndi makoko omwe kuti adzatonole m'chilimwe. Gulu lina, la LHCb, linachotseratu mlonda woyamba uja mu 2022, kotero kuti makompyuta ake amaona kupyozana kulikonse, pafupifupi 30 miliyoni pa sekondi. Ndipo mu 2024 CMS inaika pa chipata choyamba pulogalamu imene siinauzidwe chofuna. Inaphunzitsidwa maonekedwe a kugundana kwa masiku onse pogwiritsa ntchito zithunzi zotengedwa mwa maere zija, ndipo ntchito yake ndi kuimitsa chilichonse chosafanana nazo. Wa kasitomu amene wakhala pa chipata zaka makumi awiri amachita zotere osadziwa: sangatchule chimene chalakwika, koma aona kuti lole iyi siili monga zinzake. Ngati makina adzafika pa luso limenelo, nthawi ndiyo idzaonetsa.

Africa sali kutali ndi ntchitoyi monga ena angaganizire. Morocco inalowa m'gulu la ATLAS mu 1996, ndipo South Africa inalowa mu 2010. Akatswiri a pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg amapanga zina mwa zipangizo zamagetsi za gawo la ATLAS loyeza mphamvu, ndipo ku Cape Town kuli amodzi mwa malo a makompyuta olandira zithunzi zosankhidwazo. Sukulu yoyendayenda yophunzitsa achinyamata a mu Africa sayansi imeneyi inachitika koyamba ku Stellenbosch mu 2010, kenaka ku Kumasi mu 2012, ku Dakar mu 2014, ku Kigali mu 2016 ndi ku Windhoek mu 2018. Zambiri zophunzitsidwa kumeneko ndi masamu a mwayi, kulemba mapulogalamu ndi zamagetsi, zinthu zimene ofesi ya msonkho, ya zaumoyo ndi ya kalembera zimafunanso.

Mapulani a CERN ndi akuti cha m'ma 2030 makinawo adzayambe kugwira ntchito atawonjezeredwa mphamvu, ndipo pa kupyozana kulikonse padzakhala kugundana kofika 200 m'malo mwa makumi owerengeka, zonse zounjikana pa chithunzi chimodzi. Alonda onse awiri ali kumangidwa mwatsopano. Ku ATLAS woyamba adzalola zithunzi miliyoni imodzi pa sekondi, wachiwiri 10,000, ndipo nthawi yogamulira pa chipata choyamba idzachulukitsidwa kanayi, kotero kuti mzere wa zithunzi zodikira udzatalika kuchoka pa 100 kufika pa 400.